Mtambo Wogona pa Denga

Kamtambo sankayang'ana pansi poyenda. Ankayang'ana kumwamba basi.

Ankagunda ndowa. Ankaponda mchira wa galu.

"Iwe, maso ali kuti?" ankafunsa Amayi.

"Ali ku mitambo," ankayankha iye.

N'chifukwa chake onse ankamutcha Kamtambo.

Ababa ake anali ometa tsitsi. Ankametera m'chipinda cha kutsogolo kwa nyumba. Munali mpando umodzi. Munali galasi limodzi. Munali makina ometera.

Pa denga panali sola. Sola inkamwa dzuwa. Dzuwalo linkatsika m'mawaya. Linkalowa m'batire. Batire linkadyetsa makina.

Makina ankaimba: zzz, zzz, zzz.

Koma batire linayamba ulesi. Kale linkagwira ntchito mpaka madzulo. Tsopano linkatha dzuwa lili pamutu.

Tsiku lina kunabwera a Telala. Ababa anawameta mbali imodzi.

Zzz, zzz... zii!

Makina anangoti chete.

A Telala anadziyang'ana pagalasi.

"Akulu, mutu wangawu ndi munda? Mwalima theka. Theka linalo mwasiyira ndani?"

Anavala chipewa n'kutuluka. Anthu ena anamva nkhaniyi. Anasiya kubwera.

Ababa anagwira mawaya. Mawaya anali olimba.

Anapukuta mitu ya batire. Mitu inawala.

Anazimitsa wailesi. Anazula mafoni onse pa chaja.

M'mawa mwake anayesanso.

Zzz, zzz... zii!

"Batire lakalamba," anatero Ababa. "Ndipita kutali. Ndikafune ntchito ina."

Anatsitsa chikwama chachikulu. Anaikamo malaya. Anaikamo nsapato.

Kamtambo sanafune kuti Ababa apite. Anatuluka panja. Anawoloka msewu. Anagona chagada pansi pa mtengo.

Kumwamba kunali mitambo.

Mtambo wina unali njovu. Njovu inayenda, inapita.

Mtambo wina unali bwato. Bwato linayenda, linapita.

Mtambo wina unali chikwama. Kamtambo sanaukonde. Nawonso unapita.

Koma mtambo umodzi sunayende. Unali woyera mbee. Unali utagona pa denga lawo.

Kamtambo ankaudziwa mtambowu. Ankauona masiku onse. Ankati ndi mnzake wotopa.

Lero anauyang'anitsitsa. Sola ili kuti? Sola sinkaoneka!

Anathamangira m'nyumba. Anagunda ndowa. Sanaime.

"Ababa! Pa denga pagona mtambo!"

"Mitambo sigona pa denga, mwana iwe," anatero Ababa. Ankapinda buluku.

"Uwu umagona. Umabwera m'mawa. Umachoka madzulo."

"Kasewere uko, mayi."

"Ababa, wagona pa sola penipeni!"

Ababa anasiya buluku. Anamuyang'ana Kamtambo. Kenako anatenga makwerero.

Anakwera, anakwera. Kamtambo anagwira makwerero ndi manja awiri. Maso anali kumwamba.

Ababa anatsika atanyamula mtambo m'manja.

Sunali mtambo. Zinali nsalu zoyera. Zinali nsalu zija amafunditsa anthu pometa.

"Nsungwi!" anaitana Ababa.

Nsungwi anali mchimwene wake wa Kamtambo. Anali wamtali ngati nsungwi. Ndiye ankachapa nsalu m'mawa uliwonse.

"Nsaluzi zakwera bwanji pa denga?"

Nsungwi anamwetulira. Anatukula chifuwa.

"Ndi nzeru zanga, Ababa. Chingwe choyanikira chinaduka. Ndiye ndinapeza malo abwino. Sola ija imatentha. Nsalu zimauma msanga!"

"Ha!" Amayi anagwira pakamwa. "Ine n'kumamuyamikira tsiku ndi tsiku!"

Ababa anakhala pansi. Anaseka mpaka misozi.

"Mwana iwe, sola ndi pakamwa pa batire. Iwe umatseka pakamwa ndi nsalu!"

"Ndiye batire silinakalambe?" anafunsa Kamtambo.

"Ayi, mayi. Linali ndi njala."

"Achimwene, mumalimana chakudya!"

Nsungwi anakanda mutu. Anapita kukamanga chingwe china.

Tsiku limenelo sola inamwa dzuwa. M'mawa mwake inamwanso. Inamwa, inamwa. Batire linakhuta.

A Telala anatulukira pakhomo. Anavula chipewa.

"Akulu, ndabwera mudzamalize munda wanu uja."

Zzz, zzz, zzz.

Kamtambo anadikira zii. Zii sanabwere.

Dzuwa linafika pamutu. Zzz, zzz, zzz.

Dzuwa linapendeka. Zzz, zzz, zzz.

Ababa anasamba m'manja. Anatsegula chikwama chachikulu chija. Anatulutsa malaya. Anatulutsa nsapato.

"Sindipita," anatero.

"Nanga chikwamachi?" anafunsa Amayi.

"Ndipatseni ine," anatero Kamtambo.

Anapita pa chingwe chatsopano. Anaanula nsalu zoyera. Anazipinda imodzi imodzi. Anaziika m'chikwama.

"Mitambo inu, tamverani," anatero. "Muziuma pa chingwe. Muzigona muno. Pa denga ayi."

Anatseka zipi. Anakhalapo pamwamba.