Ndege Zikudikira Timba

Timba ankafuna kusewera ndege. Kwawo ankamutchula Timba chifukwa anali wochepa ngati kambalame.

Masana ana ankasewera pabwalo. Ankatambasula manja ngati mapiko. Ankathamanga akulira kuti, "Vuuu!"

Koma Timba ankayenda ndi ndodo ziwiri. Akatambasula manja, ndodo zinkagwa. Ndodo zikagwa, nayenso ankagwa. Choncho ankangokhala pakhonde n'kumaonerera. Mtima unkamuwawa.

Tsiku lina achemwali ake anabwera kutchuthi. Iwo ankaphunzira za ndege ku yunivesite.

"Wangoti khuma bwanji, Timba?" anafunsa achemwali.

"Ine sindingakhale ndege," anatero Timba. "Manja anga ali kale ndi ntchito."

Achemwali anakhala naye pafupi.

"Kusukulu kwathu si tonse timaphunzira kuyendetsa ndege," anatero. "Ena amaphunzira kukonza injini. Ena amaphunzira za nyengo. Ine ndimaphunzira ntchito ya pansanja."

"Pansanja amatani?"

"Pabwalo la ndege pali nsanja yaitali. Wa pansanja sathamanga. Amayang'ana, amaganiza, kenako amalankhula. Ndege sitera iye asanalole."

Nthawi yomweyo ana awiri anagundana mitu, gu! Wina anali mwana wa atelala, wa malaya ofiira. Wina anali mwana wa aphunzitsi, wa diresi loyera. Onse misozi chuchuchu.

"Waona?" anatero achemwali. "Bwalo lopanda nsanja ndi limenelo."

Achemwali anaika mpando pakhonde kuti ukhale nsanja. Timba anakhalapo. Anali ndi mantha. Nanga anzake akapanda kumumvera?

Anakweza ndodo imodzi m'mwamba.

"Ndege ya malaya ofiira, ima," anatero chapansipansi.

"Ndege siima m'mwamba, igwa," ananong'ona achemwali. "Uiuze izungulire. Ndipo ukweze mawu."

Timba anakoka mpweya. "Ndege ya malaya ofiira, zungulira mtengo!"

Mwana wa atelala anapukuta misozi. Anamuyang'ana Timba. Kenako anatambasula manja n'kuyamba kuzungulira mtengo.

"Ndege ya diresi loyera, tera."

Mwana wa aphunzitsi anatera bwinobwino. Ana ena anabwera chothamanga. Aliyense ankafuna kuitanidwa ndi nsanja. Palibenso amene anagunda mnzake.

Amayi anatulukira pakhomo. "Timba, bwera udzadye."

"Dikirani pang'ono, amayi," anatero Timba. "Ndege zina zikadali m'mwamba. Ndikachoka, zitera bwanji?"

Amayi anayang'ana achemwali, n'kumwetulira. Anavindikira chakudya. Anakhala pansi n'kudikira.