Chitseko cha mu Mtima wa Zubairu

Lukiya ankakhala kwa Kalembo. Ankakonda kuthamanga. Ankafuna kufika woyamba ku madrasa tsiku lililonse.

Koma ankapita ndi mlongo wake wamng'ono, Zubairu. Zubairu ankayenda pang'ono, n'kuima. Ankayendanso pang'ono, n'kuima.

"Fulumira, waulesi iwe!" Lukiya ankatero, uku akumukoka dzanja.

"Ndatopa, achemwali," Zubairu ankayankha.

Tsiku lina Lukiya anamusiya pansi pa mlambe. Anathamanga yekha. Anafikadi woyamba, liwiro lake nanga! Koma pobwerera anapeza Zubairu ali pomwepo. Ankapuma mwawefuwefu. Mapazi ake anali atatupa.

Atamva zimenezi, ababa anawakweza onse awiri pa njinga mpaka kuchipatala. Anamwino, a Nelia, anamvetsera pachifuwa pa Zubairu. Kenako anaitana Lukiya.

"Mtima uli ndi zipinda zinayi," anatero a Nelia. "Ziwiri pamwamba, ziwiri pansi. Ulinso ndi zitseko zinayi. Magazi akadutsa, chitseko chimatseka kuti asabwerere. Tamvera."

Anamuika chomvetsera mtima m'makutu. Lukiya anamva mtima wa iye mwini. Du-du! Du-du! Anamvanso mtima wa Zubairu. Du-fuu! Du-fuu!

"Chitseko chimodzi sichikutseka bwino," anatero a Nelia. "Magazi ena akubwerera. N'chifukwa chake amatopa msanga."

Lukiya anazyolika. Zubairu sanali waulesi. Sanali waulesi n'komwe! Lukiya anamva chisoni kwambiri. Misozi inayamba kugwa.

"Kodi ndinachithyola ndine pomukoka?" anafunsa.

"Iyayi, mwanawe. Zinayamba ndi zilonda zapakhosi zimene anadwala kale. Tikumupatsa mankhwala. Azibweranso mwezi uliwonse kudzabayitsa jakisoni, kuti chitsekocho chisaonongekenso."

Atabwerera kunyumba, Zubairu anagona pamkeka. Lukiya anakhala chapatali. Ankachita manyazi. Kenako anasendera pang'ono. Anasenderanso pang'ono.

"Pepa, Zubairu. Unkandiuza kuti watopa. Ine sindinkamva."

Zubairu anamuyang'ana. "Mudzandisiyanso panjira?"

"Iyayi. Ukaima, nanenso ndiziima."

"Ndiye muzindinyamuliranso chikwama!"

Amayi anaseka. Ababa anaseka. Lukiya anapukuta misozi, nayenso n'kuseka. Anagoneka khutu pachifuwa pa mlongo wake. Anamvetsera kwa nthawi yaitali.