Malaya a telala

Simeon, telala wa pakhonde la sitolo ya a Masudi ku Namitete, anayamba kumuona Benedeta tsiku limene mtsikanayo anabweretsa nsalu yong'ambika kuti aisoke. Singano inamulasa chala, chifukwa maso anali kwina.

"Mwadzibaya, achimwene," anatero Benedeta akuseka.

"Mwandibaya ndinu, duwa la ku Msundwe."

Telalayo pakamwa anali napo! Mwezi usanathe anali atalonjeza kale. "Chikole chako chidzakhala bulauzi yosoka ine ndemwe, wapamtima wanga. Ikangofika nsalu yatsopano, basi."

Koma nsalu sinafike, ndipo m'sitolo munangotsala mchere ndi machesi.

"Kutsidya kwa nyanja anthu a dziko limodzi akuphana okhaokha," anafotokoza a Masudi. "Akuti sitima zankhondo za boma zatseka madoko a oukira. Cholowa palibe, chotuluka palibe. Katundu wanga watsekeredwa komweko."

Nkhondo ya eni, koma yolira nayo Benedeta. Amalume ake anali atatopa kudikira, pomwe Martin, mtchona wobwera kumene kuchokera ku Halale amene ankamufunanso mtsikanayo, anali ndi sutikesi yodzaza nsalu.

"Mawu okoma savala, mwana iwe," anatero amalumewo. "Telala wakoyo akapanda kuonetsa chikole Loweruka, ine ndiwayankha a Martin."

Benedeta anathamangira ku Namitete kukamuuza. Simeon anangoti zyoli. Benedeta atapitanso mawa lake anapeza pakhonde pali zii, makina omwe palibe. Anabwerera akulira njira yonse. Kodi chikondi chija chinali cha pakamwa pokha?

Loweruka masana ana anayamba kukuwiza munthu kumsewu. Anali Simeon, akubwera chifuwa chili pamtunda, kamtolo m'manja. Anagwada pamaso pa amalume n'kumasula. Munali bulauzi yoyera, yosokedwa bwino zedi.

Benedeta anawazindikira mabatani ake. Anali a malaya a Simeon, okhawo amene anali nawo.

"Ndimasokera m'nyumba," anatero telalayo. "Pakhonde ndikanakhala bwanji chonchi?"

"Kodi bambo, mwabwera kudzafunsira mbeta muli maliseche?" anafunsa amalume, akubisa kuseka.

Benedeta anaikumbatira bulauziyo, misozi ili mbwee. Mtima wake unadzaza chimwemwe ndi chisoni pamodzi.

"Nanga inu muzivala chiyani, a Simeon?"

"Sitimazo zidzatsegula madoko tsiku lina, wokondedwa. Koma iwe ukanapita, ndani akanakubweza?"

"Amalume," anatero Benedeta osayang'ana kumbali, "a Martin muwauze kuti ndavala kale."