Bodza la Pamzere wa Mafuta

Mzere wa mafuta ophikira unali utafika kumsewu pamene Rhodah ananena bodza lake. Munali mu 1986, zinthu zikusowa m'masitolo a mu Lusaka, ndipo anthu a ku Kabwata anali ataima padzuwa kuyambira m'mawa. Rhodah, mtsikana wa Fomu 2, anali ndi chake chomupsetsa mtima. Kutchalitchi anali atasankha mnzake Chisanga kuti azitsogolera kwaya, iye n'kumusiya.

"Ise tivutika apa, koma bamake Chisanga babisa mafuta pansi pa bedi," anauza mayi amene anali patsogolo pake. "Ninaona na maso yanga."

Mayiyo anangowerama n'kunong'oneza mnzake.

Madzulo ake, a Mukuka, bambo a Rhodah, anasonkhanitsa ana monga mwa masiku onse. Pakhomopo aliyense ankatchula chimene walakwa tsikulo asanapemphere. Itafika nthawi yake, Rhodah anayang'ana pansi.

"Ine nilibe, ba tata. Ninalapa kale pa ubatizo."

"Ubatizo unali pa Isitala, mwana wanga. Nifunsa za lelo."

"Lelo kulibe."

Mumtima anadziuza kuti zonse adzakonza Lamlungu. Koma nkhani sinadikire. Lachiwiri inafika pampopi. Lachitatu anaimva kusukulu itanenepa: ati si mabotolo chabe, ndi zigubu, ndipo mayiwo amagulitsa kwa ozembetsa katundu opita ku Zaire. Tsiku lomwelo Chisanga, wosadziwa kanthu, anamugawira mbatata pa nthawi yopuma. Rhodah anailandira n'kudya. Madzulo aliwonse yankho lake kwa bambo ake silinasinthe.

Lachisanu achinyamata a chipani anafika pamsika. Anagubuduza tebulo la amayi a Chisanga, tomato ndi kapenta zili mbwee m'fumbi, n'kuwakokera kunyumba kuti akaonetse mafutawo. Anang'amba matiresi, anaswa kabati. Chimene anapeza ndi kabotolo kamodzi kosadzaza n'komwe. Manyazi a kusapeza kanthu anawathera pa mayiwo. Anawamenya, ndipo anawauza kuti asadzapondenso pamsikapo.

Loweruka m'mawa Rhodah anapita kwawo kwa Chisanga. Anapeza mayiwo atagona pamphasa, mkono utakulungidwa ndi nsalu, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka. Chisanga anali kumanga mapoto m'chitenje. Amalume ake anali atabwera kudzawatenga, kubwerera nawo kwawo ku Mansa, poti mu Lusaka munalibenso chowadyetsa.

Rhodah anagwada pakhomo.

"Ba mayo, ndine ninayamba boza ija. Sininaone mafuta aliyonse. Nikhululukileni."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso lotsalalo.

"Nakukhululukila," anatero motsitsa mawu. "Na Mulungu umuuze."

Chisanga anasiya kumanga.

"Unakamba liti?"

"Pa Mande."

"Pa Mande," Chisanga anabwereza. "Nanga masiku yonse aya unali kuti? Sembe unabwela, sembe tinaenda tonse kumsika kukauza bantu."

Chisanga anakoka mfundo ya chitenje mpaka zala zinayera.

"Choka pakhomo, tifuna kupitisa katundu."

Rhodah anadzuka, maondo ali fumbi. Popanda womupempha anasenza mtolo wa mapotowo, n'kuyenda pambuyo pawo mpaka pokwerera basi. Basi itanyamuka, mayi wovulalayo anamukwezera mkono wabwinowo pawindo. Chisanga anali kuyang'ana kutsogolo.