Madimwazelo Asowa Wolankhula Naye

Mnyamata wamtali wa pa desiki yakumbuyo anali ataimirira, thukuta likutsika m'khosi mwake, pamene mtsikana wa kutsogolo anayamba kuseka. Aphunzitsi a Chifalansa anali atalamula kuti aliyense anene chiganizo chimodzi chofotokoza mmene akumvera m'thupi. Mnyamatayo anafuna kunena kuti ali ndi njala, koma m'chilankhulocho mawu oti njala ndi oti mkazi amamveka ngati apachibale. Lilime linamupereka, ndipo anauza kalasi yonse kuti ali ndi mkazi.

Palibe amene akanazindikira cholakwacho, chifukwa anzakewo ankangomva phokoso chabe. Koma mtsikana uja anatembenuka, nawamasulira onse mokweza. Anafunsanso ngati mkaziyo ndi amene amamuchapira yunifolomu, komanso kuti ana alipo angati. Kalasi inagwa ndi phwete. Kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo anakhala Wapabanja, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka ku bwalo la mpira.

Mtsikanayo anzake ankamutchula kuti Madimwazelo, mawu a Chifalansa oitanira mtsikana wosakwatiwa. Anakulira kunja, m'dziko lolankhula Chifalansa, kumene amayi ake ankagwira ntchito pachipatala. Banja la makolo ake litatha, anamutumiza kwa azakhali ake kuti adzamalize sekondale. Sukuluyo sanaikonde ngakhale tsiku limodzi. Ankanyansidwa ndi mawindo opanda magalasi, bolodi lotuwa limene choko chinkakana kugwira, ndi mabuku ong'ambika amene ana atatu ankagawana limodzi. Koma chimene chinkamunyansa koposa chinali Chifalansa cha anzake. Ankati akamalankhula zimamveka ngati munthu akukoka tebulo pasimenti.

Aphunzitsi a phunziroli anali mayi wochepa thupi, wa mawu otsika. Lamulo lawo linali limodzi: m'phunziro lawo munthu alankhule, alakwe bwanji. Ankabweretsa zithunzi zodula m'manyuzipepala, nthawi zina ankasandutsa tebulo lawo kukhala sitolo, ana n'kumagula sopo ndi makandulo m'Chifalansa. Kumayambiriro kwa chaka manja ankakwera ambiri. Panali kamtsikana kowonda kotchedwa Kansingano, mapasa awiri okhala pafupi ndi chitseko, ndi Wapabanja amene ankakweza dzanja funso lisanathe.

Madimwazelo anawathyola mmodzimmodzi. Sankafunika kunena zambiri. Kansingano akayamba kuwerenga, iye ankatseka khutu limodzi ndi chala. Mapasa akalakwitsa, ankabwereza mawu awo potuluka, akukhotetsa pakamwa, gulu la atsikana likumutsatira pambuyo n'kumaseka. Aphunzitsi anamuitanira ku ofesi kawiri konse. Iye anaima manja kumbuyo, nayankha m'Chifalansa chosalala kuti sanatukwane munthu, wangothandiza anzake kumva zolakwa zawo. Potuluka anauza atsikana aja kuti ngakhale Madamu amene, katchulidwe kawo n'ka m'buku, sanapondeko kumene chilankhulocho chimalankhulidwa.

Pofika teremu yachiwiri kalasi inali zii. Aphunzitsi akafunsa funso, mitu yonse inkagwera m'makope, dzanja n'kukwera limodzi lokha. Madimwazelo ankayankha motalikitsa, kenako n'kuyang'ana anzake ngati munthu woyang'ana nkhuku zonyowa ndi mvula. Wapabanja anasamukira pakona penipeni. Ntchito zolemba ankachita, koma pakamwa anatseka.

Tsiku lina aphunzitsi analowa ndi nkhani. Kunali mpikisano wa masukulu, ndipo opambana akapita kukakhala mwezi wathunthu kudziko lolankhula Chifalansa. Atatchula dzikolo, mtima wa Madimwazelo unadumpha. Kunali komwe kunali amayi ake, amene anali asanawaone kuyambira pamene anabwera. Madzulo omwewo anawaimbira foni kuwauza kuti akonze chipinda. Kwa iye mpikisanowo unali utatha kale. Angamupose ndani, ana oloweza mawu ngati zinkhwe?

Mawa lake aphunzitsi anafotokoza malamulo. Sukulu iliyonse inkayenera kutumiza ana atatu. Oweruza akawapatsa mutu pomwepo, anawo n'kukambirana okhaokha, ndipo malikisi akaperekedwa kwa gulu lonse, osati kwa munthu. Mmodzi akangokhala chete, onse agwa. Atatero anafunsa amene akufuna kulowa nawo. Dzanja linakwera limodzi. Anafunsanso, nadikira. Wina anatsokomola, wina anayamba kusongola pensulo.

Belu litalira Madimwazelo anatsatira aphunzitsi mpaka pakhonde, nawauza kuti angosankha awiri alionse, iye awalembera zonena aloweze. Aphunzitsi anamukumbutsa kuti mutu sudziwika mpaka tsikulo, ndiponso kuti iwo sakakamiza mwana kukaima pamaso pa anthu.

"Ndiye ndilephere kupita chifukwa cha mbuli zimenezi, Madamu?"

Aphunzitsi anasuntha mabuku awo kuchoka kudzanja lina kupita kulina. "Chaka chikuyamba ndinali ndi ana olankhula oposa khumi. Unali pomwepo, ukudziwa kumene anapita. Mayina ndikutumiza Lachisanu. Ukawapeza awiri, ubwere nawo."

Anayamba ndi atsikana omwe ankamuthandiza kuseka aja. Iwo anaseka ndithu, nati iwo Chifalansa chawo n'cha kuseri kwa kalasi, sangakachite manyazi pagulu. Mapasa anayang'anana, mmodzi n'kunena kuti agogo awo akudwala, winayo n'kunena kuti mano akumuwawa. Kansingano anangokumbatira chikwama chake n'kuthawira kuchimbudzi.

Anatsala Wapabanja. Madimwazelo ankadziwa, ngakhale sankafuna kuvomera, kuti m'kalasi monse iyeyo ndiye anali ndi khutu. Lachinayi ataweruka anamutsatira ku shopu ya ukalipentala ya achimwene ake, kumene mnyamatayo ankathandiza madzulo. Anamupeza akupala thabwa la chitseko, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Madimwazelo anaima pakhomo, akusamala kuti nsapato zake zisade, nayamba kufotokoza ngati munthu wobweretsa mphatso. Anati amusankha, amuphunzitsa yekha madzulo alionse, ndipo mwina akakwera ndege koyamba m'moyo wake.

Wapabanja sanaleke kupala. Achimwene ake, amene ankakhoma misomali chapatali, anafunsa kuti mlendoyo ndani.

"Ndi aja anandipatsa banja aja, achimwene," anayankha osadzutsa mutu.

Achimwenewo anaika hamala pansi namuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nkhaniyo ankaidziwa, chifukwa dzinalo linali litafika kale mpaka kunyumba, ana a anansi akuliimba pamsewu. Kenako anatola hamala yawo n'kupitiriza.

Apa mawu a Madimwazelo anasintha. Anati zija zinali nthabwala chabe. Ataona kuti mnyamatayo sakuyankha, ananena zoona, kuti amayi ake ali kumeneko, ndipo iyi ndi njira yokhayo yowaonera. Pomaliza anapepesa, mawu akutuluka movutikira ngati akumeza mankhwala owawa.

Wapabanja anaimika thabwa lija kukhoma napukuta manja.

"Inu mukuona ngati ndikukana dala. Ine phunziro lija ndinkalikonda kuposa onse. Pobwera kuno ndinkalankhula ndekha mumsewu, anthu n'kumandiyesa wamisala. Pano ndikangoti nditsegule pakamwa, ndimamva inu mukuseka, ngakhale mulibepo. Ndiye ndikaime pamaso pa oweruza, inu muli pambali panga? Pitani mukapeze anzanu odziwa."

Anatenga thabwa lina. Madimwazelo anaima kanthawi, kenako anatuluka, utuchi utadzaza nsapato zake.

Lachisanu linafika, mayina sanatumizidwe. Mpikisanowo anapambana ana a sukulu ina yaing'ono ya kutsidya kwa msika. Aphunzitsi, amene anapita kukaonerera, anati Chifalansa chawo chinali chodzaza ndi zigamba, koma ankalandizana mawu, wina akakakamira mnzake n'kumutola. Madimwazelo anaimbira amayi ake kuwauza kuti sabwera. Atamufunsa chifukwa, anayamba kunena kuti anzake ndi mbuli, koma chiganizocho sanachimalize. Anangoti sanapeze gulu. Amayi ake anadabwa kuti m'kalasi lonselo mwana wawo alibe mnzake ngakhale mmodzi.

Patapita masabata angapo aphunzitsi anabwera ndi chithunzi cha siteshoni ya basi, nachimata pabolodi. Anati wina akhale wogulitsa matikiti, wina wapaulendo. Madimwazelo anapita kukakhala patebulo ngati wogulitsa, poti panalibenso wina. Wapaulendo anasowa. Aphunzitsi anayenda pakati pa madesiki, naima pafupi ndi Kansingano, namunong'oneza kanthu. Kamtsikanako kanadzuka.

Kanafika patebulo n'kupempha tikiti. M'chiganizo chachifupicho munali zolakwa zitatu, ndipo Madimwazelo anazimva zonse. Kalasi yonse inatembenukira kwa iye. Atsikana aja anali atakonzeka kale, manja ali pakamwa.

Madimwazelo anayang'ana Kansingano, nafunsa pang'onopang'ono, m'mawu osavuta, kuti akupita kuti. Kansingano sanamve. Iye anabwereza, akuloza mabasi a pachithunzi. Kamtsikanako kanatchula malo. Anakafunsanso ngati kali ndi katundu, ndipo kanayankha kuti kali ndi chikwama chimodzi, kenako kanawonjezera kokha kuti n'cholemera. Anakambirana choncho mpaka tikiti inagulidwa. Kansingano anabwerera kumalo kwake akupumira m'mwamba, koma akumwetulira.

Aphunzitsi anafunsa wapaulendo wachiwiri. Mmodzi wa mapasa anakweza dzanja mpaka paphewa, mnzake n'kulikankhira m'mwamba. Madimwazelo anaponya maso pakona. Wapabanja anali atapinda manja pachifuwa, akuyang'ana kunja pawindo. Sanalankhule tsiku limenelo, ngakhale teremu yonseyo, ndipo chaka chotsatira posankha maphunziro anasiya Chifalansa.