Zala za Mayi Telala

Madzulo amenewo Mayi Telala ankafinya zovala pakhomo, zala zawo zinangokana. Nsalu yonyowa inagwera m'dothi. Anayang'ana mfundo za zalazo, zotupa, zotentha ngati agwira mphika wapamoto. Manja amenewa ndiwo ankawadyetsa.

Matendawo sanali achilendo. Kuchipatala anawauza kuti ndi nyamakazi, nkuwapatsa mapiritsi omwa sabata iliyonse osadumphitsa. Anamwa miyezi ingapo, zala zinamasuka, makina osokera anayambanso kulira. Nanga munthu wachira amweranji mankhwala? Botolo analiponya m'kabati pamodzi ndi mabatani akale.

Tsopano m'mawa uliwonse ankadzuka manja ali gwa, mapewa akuphwanya ngati achezera ntchito.

"Alamu, awa si matenda," ananong'ona mlamu wawo, mlongo wa malemu amuna awo, amene ankakhala naye m'nyumbamo. "Pali wina akukusoketsani mukagona. Tanunkhizani zalazo."

Ananunkhiza. Kalanga ine, mafuta a makina! Chonsecho makinawo anali asanawakhudze sabata yonse.

"Nditenge mapiritsi aja?"

"Ayi ndithu! Mapiritsi angathane ndi mfiti?"

Kuyambira pamenepo, kunja kusanayere, ankamva makina akulira m'chipinda chosokera, tchaka-tchaka-tchaka. Mantha ankawakanikiza pabedi. Kukacha ankapeza nsalu yovundikira ili m'malo mwake, koma chitsulo chili chofunda. Kenako kalipentala wa kuseri kwawo, amenenso anasiya mapiritsi a matenda omwewo, anapezeka atauma pabenchi lake, zala zitapindika ngati mapazi a nkhuku. Chinamupha palibe anachidziwa, koma pamaliro aliyense anali ndi yankho.

Panali namwino wina wopuma ntchito, mayi wachikulire wosatopa, amene ankayenda m'makomo mwa odwala nkumafunsa funso limodzi: "Mwamwa?" Mlamu uja ndiye anayambitsa mphekesera zoti namwinoyo ndiye mfiti.

"Mwaona? Nyumba iliyonse imene amalowa muli wopindika zala."

Zinali zoona, ndipo palibe anafunsa kuti chinayamba nchiti, matenda kapena namwinoyo. Tsiku lotsatira namwinoyo atagogoda, Mayi Telala anamuyankhira pawindo.

"Bwezani manja anga, mfiti inu!"

"Mwana wanga, ungomwa mankhwalawo, zala zisanapindikiretu."

Anthu anagenda miyala padenga pa namwinoyo mpaka anathawa ndi kachikwama kamodzi. Anthu anapuma, amvekere mudzi wayera.

Sunayere. Ululu unatsikira m'mawondo. Ulusi unakana kulowa m'singano, lumo linakana kutseguka, ngakhale kumanga mpango anayamba kumangiridwa. Makina nawo sanasiye kulira. Chodabwitsa, makasitomala ankabwerabe, mlamu nkumawalandirira pakhomo kuti wodwala asasokonezedwe.

Mbandakucha wina Mayi Telala anati chondipha chindiphe. Anatsika pabedi, anakwawa ndi zigongono, anakankha chitseko cha chipinda chosokera ndi phewa. Pampando wawo panali mlamu, phazi pachopondera, diresi la kasitomala likuyenda bwinobwino pansi pa singano. Pambali pake panali kabotolo ka mafuta ndi kansanza.

"Ndi iwe? Unkandipaka mafuta m'zala ndili mtulo?"

Mlamu sanadzidzimuke nkomwe. "Mukanatani nawo makinawa, alamu? Angokhala?"

Misozi ili chuchuchu, Mayi Telala anakwawira kukabati, anafufuza m'mabatani mpaka analipeza botolo lija. Mapiritsi analimo. Analipana ndi zikhatho, anayesa kupotokola chivindikiro, chinakana. Anayesa ndi mano, botolo linapulumuka nkugubuduka mpaka kumapazi a mlamu.

"Nditsegulire, chonde. Ndiwe m'bale wanga."

Mlamu analitola, analiika m'thumba la epuloni, ndipo anapitiriza kusoka.