Kanjedza wa Malemu

Minibasi idawatsitsa pa Kachulu kutada. Matope, fungo la matemba, achule. Asiyatu, mwana wa m'tauni ya Zomba, anali asadapondeko kwawo kwa mwamuna wake, Luka.

Pakhomo panali chisangalalo. Mawa lake linali Lachitatu la Phulusa, choncho banja lidapha mbuzi kuti litsanzikane ndi nyama Lenti isadayambe. Wailesi inkalira, ana akuvina.

Mai Getrude, amake Luka, adamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kuzidendene.

"Ndiye Msilamu uja ameneyu? Kasonkheni moto, tione."

Nkhuni zinali zonyowa ndi mvula. Asiyatu adauzira mpaka misozi. Kenaka adaona kanjedza wouma, wolukidwa bwino, atapachikidwa kuseri kwa chitseko. Adamuthyolathyola. Moto udayaka.

Mai Getrude atalowa, mbale idawagwa m'manja.

"Mayo ine! Kanjedza wa amuna anga! Adaluka okha pa Lamulungu la Kanjedza chaka chatha, asadamwalire. M'mawa ndimati ndipite naye kutchalitchi akasanduke phulusa lodalitsidwa. Iwe wawotchera mbuzi!"

"Amayi, sindimadziwa. Pepani."

Mbama idachokera kumbali. Anali Innocent, mkulu wa Luka, mowa uli m'maso. Asiyatu adagwera pamafuwa, mlomo udang'ambika.

"Achimwene, mwamenya mkazi wanga?"

"Mkazi? Watiphera bambo kachiwiri!"

Luka adamudumphira pakhosi. Mphika udagudubuzika, nyama mbwee m'matope. Innocent adatola chikuni chamoto n'kumufwamphula nacho mng'ono wake paphewa. Ana adabalalika akukuwa. Mai Getrude adadzitsekera m'chipinda, chitseko phwaa, n'kulira mokweza.

Asiyatu adagona ndi nsapato kuphazi.

Kutangocha adanyamula chikwama. Pakhomo adakumana ndi apongozi ake, maso atatupa, atafumbata phulusa la pamoto uja. Luka atatuluka, amake adamulemba mtanda pamphumi. Kenaka adatambasulira chala kwa mkamwana.

"Mwana wanga, phulusa ndi lomweli. Bwerani, mukhale wathu."

Asiyatu adabweza mutu, n'kuloza mlomo wake wotupa.

"Chizindikiro cha pakhomo pano mudandiika kale dzulo, amayi. Chakwana."

Pasiteji, kondakitala ankaitana a ku Zomba. Asiyatu adakwera osacheuka. Minibasi itayamba kuyenda, wina adamenya chitseko. Anali Luka, wefuwefu, mtanda ukusungunuka ndi thukuta.

"Sendera," adatero.

Asiyatu adamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adachotsa chikwama pampando.